Chipangizo Chofunsa Tirigu Ngati Ali ndi Njala

Palibe funso limene lasautsa alimi a chimanga, tirigu ndi mpunga koposa ili: kodi feteleza wobereketsa athire wochuluka bwanji? Akathira wochepa, mbewu imachita chikasu ndipo nkhokwe sidzadza. Akathira wopyola muyeso, ndalama zimapita ndi madzi. Kwa zaka zambiri yankho lakhala likuchokera m'mabuku a alangizi, momwe mudalembedwa muyeso umodzi wa chigawo chonse, ngati kuti minda yonse ndi ana a mimba imodzi ndiponso zaka zonse n'zofanana. Tsono kunja kuno kuli chipangizo chimene eni ake amati chimafunsa mbewu yeniyeniyo ngati ili ndi njala kapena yakhuta. Aphunzitsi ndi achinyamata otsiriza sukulu ayenera kuchimvetsa bwino chipangizo chimenechi, pakuti zinthu zotere zikamafika m'dziko zimafika ndi ng'oma ndi nthungululu, ndipo wosadziwa amatha kutengeka ndi ng'omayo n'kusiya chenicheni.

Poyamba pafunika kudziwa chimene chili m'thumba. Chakudya chachikulu cha mbewu zimenezi ndi nayitirojeni. Mu mpweya umene anthu amapuma, magawo 78 pa 100 alionse ndi nayitirojeni yemweyu, koma chimanga sichingathe kumutenga mumlengalenga. Katswiri wa ku Germany, Fritz Haber, adapeza njira yomugwirira mu 1909, ndipo Carl Bosch adaimika fakitale yoyamba ku Oppau mu 1913. Mafakitale ambiri otere amadalira gasi, n'chifukwa chake mtengo wa gasi utakwera mu 2021 ndi 2022, wa feteleza udakwera nawo pa dziko lonse. Thumba la yureya la makilogalamu 50 limakhala ndi makilogalamu 23 a nayitirojeni. Nambala imeneyi wowerenga aisunge, ifunika kutsogoloku.

Mu 1999 akatswiri awiri a zanthaka a pa Oklahoma State University ku America, William Raun ndi Gordon Johnson, adawerengera kuti pa nayitirojeni yense amene amathiridwa m'minda ya mbewu zoterezi pa dziko lapansi, magawo 33 okha pa 100 ndiwo amapezeka m'zokolola. Ndiye kuti pa matumba atatu alionse, limodzi lokha ndilo limafika m'nkhokwe. Wina amatsalira m'mapesi ndi m'nthaka, koma wambiri amatayika: yureya wosiyidwa pamtunda amauluka, mvula yamphamvu imamusulutsa kumutengera ku zitsime ndi mitsinje, ndipo m'nthaka ya lowe amasanduka mpweya, wina mwa iwo wotenthetsa dziko.

Chimene chidawatsegula maso akatswiri a ku Oklahoma chidachokera m'minda yawo yoyeserapo. Pa sukulu yawo ku Stillwater pali munda wotchedwa Magruder umene wakhala ukubzalidwa tirigu chaka ndi chaka kuyambira mu 1892, ndipo aliponso ena otere a zaka makumimakumi. M'minda imeneyi muli ndime zolandira feteleza ndi zina zosalandira konse. Zolembera za zaka zambirizo zidaonetsa kuti chaka china ndime yopanda feteleza imabereka pafupifupi mofanana ndi yothiridwa, koma chaka chinzake, munda womwewo, mbewu yomweyo, yothiridwayo n'kubereka kuwirikiza kawiri kapena kuposa apo. Chifukwa chake n'chakuti nthaka payokha imatulutsa nayitirojeni pamene zinyalala ndi mizu yakale zikuwola, ndipo kuwolako kumayendera kutentha ndi chinyezi. Chaka chofunda, cha mvula yogwa mwaulemu, nthaka imapatsa mowolowa manja. Chaka chozizira kapena cha mvula yokokolola, imaumira. Palibe munthu angadziwiretu zimenezi pa tsiku lobzala, motero muyeso wa m'buku, ngakhale udalembedwa ndi katswiri wotani, umalondola zaka zina n'kuphonya zaka zina.

Mbewu yokha ndiyo imadziwa chimene yalandira, ndipo imaulula kudzera m'masamba. Mbewu yokhuta nayitirojeni imakhala ndi chlorophyll wambiri, chinthu chija chobiriwitsa masamba chimene ana amaphunzira m'kalasi. Chlorophyll amameza kuwala kofiira kuti apangire chakudya. Koma kupyola pamene utawaleza umathera m'maso mwa munthu, kuseri kwa kufiira, kuli kuwala kwina kosaoneka kotchedwa infrared, ndipo kumeneku tsamba lamoyo limakubweza kochuluka. Tsono mbewu yathanzi, ya masamba ambiri, imabweza kuwala kofiira pang'ono ndi kosaonekako kwambiri, pamene dothi lopanda kanthu limabweza mitundu yonse iwiri mosasiyana kwenikweni. Akachotsa kofiira pa kosaonekako, n'kugawa chotsalacho ndi mitundu iwiriyo itaphatikizidwa, pamatuluka nambala imene amaitcha NDVI. Masamu ake mwana wa Fomu 2 angathe kuwachita. Akatswiri a ku Texas adaigwiritsa ntchito nambalayi mu 1973 poyeza msipu pa zithunzi za setilaiti ya Landsat, imene idaponyedwa mumlengalenga mu 1972.

Chimene adachita Raun ndi anzake awiri odziwa za makina, John Solie ndi Marvin Stone, m'zaka za m'ma 1990, ndiko kutsitsa diso limeneli kumwambako n'kulibweretsa m'munda. Chipangizo chawo, GreenSeeker, chili ndi nyali yakeyake yowalitsira mbewu, kotero kuti mitambo kapena kachisisira sizichisokoneza. Kampani ya Trimble idagula ntchitoyi mu 2009, ndipo mu 2012 idatulutsa kakang'ono kogwira ndi dzanja limodzi, konga tochi yaikulu. Munthu amakanyamula pamwamba pa mbewu, motalikira masentimita 60 mpaka 120, n'kumayenda nako, ndipo pa kagalasi kake pamaoneka nambala ya pakati pa 0.00 ndi 0.99. Ku Ulaya nakonso, kuyambira mu 1999, kudatuluka china chomangirira pa denga la thirakitala, chodziwika ndi dzina loti Yara N-Sensor. Chimenechi chimaona mbewu thirakitala ikuyenda, n'kumauza makina omwaza feteleza kuti apa onjeza, apa chepetsa.

Pamene pagona nkhani ndi apa, ndipo otsatsa malonda sakonda kuchedwapo. Chipangizochi sichiyeza nayitirojeni ayi. Chimayeza kubiriwira ndi kuchuluka kwa masamba, basi. Nambala ya 0.60 payokha ilibe tanthauzo, monga momwe kumva kuti mwana wapeza malikisi 60 sikuthandiza kanthu munthu asanadziwe ngati mayesowo adali pa 70 kapena pa 200. N'chifukwa chake eni ake adaika lamulo lakuti pa nthawi yobzala mlimi apatule ndime yopapatiza yodutsa m'munda, n'kuithira feteleza wokwanira ndithu kuti mbewu ya pamenepo isasowe nayitirojeni ngakhale pang'ono. Imeneyo ndiyo ndime yokhuta. Munda wonse wotsalawo athire pang'ono chabe, koyambira. Nthawi ya wobereketsa ikakwana, ayeze ndime yokhutayo, ayezenso munda. Mwachitsanzo, ngati ndime ikuonetsa 0.75 ndipo munda 0.74, ndiye kuti chaka chimenecho nthaka yapatsa yokha, thumba likhale m'nyumba. Ngati ndime ikuonetsa 0.75 koma munda 0.55, mbewu ili ndi njala, ndipo kusiyanako, pamodzi ndi chiwerengero cha masiku amene mbewu yakhala ikukula, kumalowa m'masamu otulutsa makilogalamu oyenera kuthira. Masamu amenewo sagwa kuchokera kumwamba. Amapangidwa kuchokera ku zokolola za zaka zingapo za mbewu yomweyo m'dera lomwelo, kotero kuti a tirigu wa ku Oklahoma sangagwire ntchito pa chimanga cha ku Kasungu.

Kumene njirayi idaonetsa mphamvu zake poyera ndi m'chigwa cha Yaqui, m'chigawo cha Sonora, kumpoto chakumadzulo kwa Mexico. Ndi m'chigwa chomwechi mmene Norman Borlaug adayeseramo mitundu ya tirigu waufupi wobereka kwambiri, ntchito imene idamupezetsa mphotho ya Nobel mu 1970. Minda yake ndi yothirira, yoposa mahekitala 200,000, ndipo alimi ake si osauka. Adazolowera kuthira nayitirojeni wokwana makilogalamu pafupifupi 250 pa hekitala, amene ndi matumba a yureya pafupifupi 11, ndipo wambiri mwa iye ankamuthira tirigu asanabzalidwe n'komwe, kenaka n'kutsegulira madzi. Feteleza amene wathiridwa popanda muzu womulandira sadikira. Mu 2005 akatswiri a pa Stanford University adaonetsa, kudzera pa zithunzi za setilaiti, kuti patapita masiku ochepa chigwachi chitathiriridwa, ndere zinkabuka mochuluka m'nyanja ya Gulf of California, kumene ngalande za m'chigwachi zimathira.

Ivan Ortiz-Monasterio, katswiri wa bungwe lofufuza za chimanga ndi tirigu la CIMMYT, adagwirizana ndi Raun kuyesa ndime yokhuta ndi GreenSeeker m'minda ya alimi eniake. Zimene adalemba mu 2007 zidaonetsa kuti, kutenga pakatikati, mlimi ankapulumutsa makilogalamu 69 a nayitirojeni pa hekitala popanda zokolola kutsika. Wowerenga amene wasunga nambala ija aona yekha kuti amenewa ndi matumba atatu a yureya, osachepera osapitirira, pa hekitala iliyonse.

Munthu angaganize kuti zitatero alimi onse adathamangira chipangizochi. Sizidatero, ku Mexico ngakhale ku America komwe. Ndipo sikuti alimiwo ndi opusa. Kwa mlimi wa tirigu, thumba lowonjezera lili ngati ambulera: angainyamule masiku khumi pachabe, koma tsiku limodzi lovumbwa ndilo amalikumbukira. Tirigu woperewera nayitirojeni amakhala ndi njere zotuwa, zochepa mphamvu, ndipo ogula amadula mtengo. Komanso m'chigwa cha Yaqui mudapezeka kuti mawu omaliza pa za feteleza kawirikawiri sankachokera kwa ofufuza, koma kwa mabungwe obwereketsa ndalama ndi alangizi awo, amene nkhawa yawo inali yakuti ngongole ibwere, ndipo ankaona kuti kuthira wambiri ndiko kusamala. Kachipangizo kakanena kuti usathire, wobwereketsa ndalama n'kunena kuti thira, n'zodziwikiratu amene angamveredwe. Apa pali phunziro kwa onse okhulupirira kuti chinthu chikatsimikizika m'munda woyeserapo ndiye kuti ntchito yatha.

Ndiponso diso la makinali lili ndi khungu lake. Udzu nawo ndi wobiriwira, ndipo munda wosapalira ungathe kupeza malikisi apamwamba. Mbewu ikakula n'kutseka mizere, nambala ija imafika pamapeto n'kuleka kusiyanitsa wokhuta ndi wokhutitsitsa. Mbewu ikakhala yaing'ono kwambiri, chipangizocho chimaona dothi koposa masamba. Pa chimanga chimayamba kunena zomveka masamba akafika asanu ndi atatu kapena kuposerapo, nthawi imene alimi ambiri amakhala atathira kale. Choposa zonse, chikasu chili ndi makolo ambiri. Chimanga chimachita chikasu chifukwa cha lowe, ng'amba, kaufiti, mbozi ndi matenda. Chikasu cha nayitirojeni chimayambira m'masamba akale am'munsi, kuchokera kunsonga kutsata mtsempha wapakati, pamene chikasu cha kusowa kwa salifa chimaonekera m'masamba anthete akumwamba. Mlimi wodziwa ntchito yake amasiyanitsa zimenezi pogwira tsamba. Chipangizo chimangotchula nambala yotsika. Chopulumutsa ndi ndime yokhuta yomwe ija: ngati ndime imene idadya yureya wambiri nayonso ili yachikasu, vuto lili pena, ndipo kuthira yureya wina ndiko kutaya ndalama.

Nanga nkhani imeneyi ikumukhudza bwanji mlimi wa chimanga wa ku Malawi? Pansi pa ndondomeko ya feteleza wotsika mtengo imene idayamba mu 2005, mlimi ankalandira makuponi a matumba awiri: limodzi la wokulitsa wa 23:21:0+4S, lina la yureya. Loyambalo lili ndi makilogalamu 11.5 a nayitirojeni, lachiwirilo 23, onse pamodzi 34.5. Tsono nayitirojeni amene mlimi wa ku Yaqui ankapulumutsa pa hekitala imodzi, amene ankamutaya osadziwa, ndi wowirikiza kawiri yense amene mlimi wa kuno ankalandira pa chaka chathunthu. Atsogoleri a mayiko a mu Africa atakumana ku Abuja mu 2006, adadandaula kuti alimi awo ankathira makilogalamu 8 okha a chakudya cha mbewu pa hekitala, ndipo adalonjeza kufika pa 50 pomafika 2015. Chipangizo chimene kutchuka kwake kudachokera pa kuuza olemera kuti achepetse sichingapange thumba pamene palibe thumba. Aliyense wobwera nacho kwa alimi ang'onoang'ono ndi lonjezo lakuti chiwapulumutsira feteleza ayenera kufunsidwa kuti feteleza wake uti.

Amene akufanana ndi alimi a ku Yaqui m'chigawo chino cha Africa ndi a minda ikuluikulu yothirira, monga alimi a tirigu a ku Mkushi ku Zambia, kapena maesiteti olima chimanga cha mbewu. Kwa oterewo, matumba atatu pa hekitala akachulukitsidwa ndi mahekitala mazanamazana ndi ndalama zogulira chipangizocho kambirimbiri. Koma nawonso asanachikhulupirire, pafunika kuti malo ofufuzira monga Chitedze, Bvumbwe, Makoka ndi sukulu ya zaulimi ya ku Bunda akhale atapanga masamu oyenera nthaka ya katondo, ya mchenga ndi ya makande, pa mitundu ya chimanga imene anthu akubzala. Imeneyi ndi ntchito ya zaka, yopanda nthungululu, ndipo ndiyo iyenera kulandira ndalama poyamba. Kugula zipangizo mazana masamuwo asanapangidwe kuli ngati kugula masikelo opanda miyala yake.

Funso la mlimi wa matumba awiri ndi lina. Iye safunsa kuti achepetse bwanji. Amafunsa kuti kochepa kameneka akaike pati: akamwaze m'munda monse, kapena akaunjike pa theka, ndipo theka lake liti? Pa funso limeneli ndime yokhuta ili ndi yankho ngakhale popanda batire. Mbali ya munda imene mizere yokhuta ikuoneka patali ndiyo ingabweze ndalama ya feteleza. Mbali imene mizere yokhuta sikusiyana ndi inzake, kaya chifukwa nthaka ndi yachonde kale, kaya chifukwa yagwidwa ndi kaufiti kapena lowe, thumba lisapiteko. Kunena zoona, nzeru imeneyi si yachilendo konse. Ndani sadziwa kuti chimanga cha pachulu, cha pakhola lakale, cha padzala, kapena cha pansi pa mtengo wa nsangu umene umayoyola masamba nthawi ya dzinja, chimabiriwira kuposa chinzake? Makolo ankaona kusiyanako n'kudziwa mmene munda wawo waguga. Chimene adawonjezera anthu a ku Oklahoma ndiko kuika chulu chotere mwadala, pamalo osankha okha, chaka chilichonse, n'kulemba zotsatira zake.

Wina anganene kuti ngati maso akwanira, chipangizocho n'chachiyani? Maso amaona kusiyana kwakukulu, koma kwakung'ono amanamizika ndi dzuwa, ndiponso amakonda kuona chimene mwini wake akufuna. Nambala ilibe chibale. Komabe pakati pa maso ndi makina pali njira ina yotsika mtengo imene alimi a mpunga a ku Asia adaphunzitsidwa kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Bungwe lofufuza za mpunga la IRRI, la ku Philippines, lidafalitsa kapulasitiki konga rula, kokhala ndi timagawo tobiriwira mosiyanasiyana, kuyambira kotuwira mpaka koderako. Mlimi amasankha mbewu khumi, n'kuika tsamba lakumwamba lotambasuka bwino pa kapulasitikiko atalitchinga ndi mthunzi wa thupi lake, ndipo amabwereza zimenezi pakapita sabata kapena masiku khumi. Likatuwa kupyola gawo loikika, athire; likapanda kutero, adikire. Kameneka sikafuna batire, ndipo kakagwa m'madzi amangokatola.

Malo oyenera kuyambira zonsezi ndi munda wa sukulu. Phunziro la zaulimi m'masukulu ambiri lasanduka kuloweza mayina a feteleza ndi kutalikirana kwa mapando, ndipo ana amapita kumunda ngati kuchilango. Koma mizere inayi ya mamita 10, yothiridwa yureya wowirikiza kawiri muyeso wa masiku onse, pambali pa mizere inayi ya muyeso wamba ndi ina inayi yosalandira yureya konse, ingathe kuphunzitsa sayansi, masamu ndi kusunga chuma nthawi imodzi. Wokulitsa akhale wofanana ponseponse, mbewu imodzi, tsiku lobzala limodzi, kupalira kofanana, kuti chosiyana chikhale nayitirojeni yekha. Chimanga chikafika m'mawondo ana ayerekeze masamba ndi kuyeza msinkhu. Pokolola, ndime iliyonse itonoledwe payokha ndi kuikidwa pa sikelo. Ndipo awerengere kuti kilogalamu imodzi ya yureya yabweza makilogalamu angati a chimanga, n'kuyerekeza ndi mitengo ya pamsika wapafupi. Mwana woyamba zimenezi ali Fomu 1 adzafika Fomu 4 ali ndi zaka zinayi m'kope, ndipo adzaona ndi maso ake chimene a ku Stillwater adachiona, kuti munda womwewo suyankha mofanana chaka ndi chaka. Boma kapena bungwe likafuna kugula GreenSeeker, limodzi pa dera la mlangizi, loyenda m'masukulu ndi m'makalabu a alimi amene ali kale ndi ndime zotere, lingakwanire.

Mphunzitsi wofuna kuyesa asamale zinthu ziwiri. Ndime yokhuta isaikidwe pachulu, m'mphepete mwa msewu kapena pansi pa mtengo, ndipo isunthidwe chaka chilichonse, pakuti feteleza wotsalira chaka chatha anganamize chaka chino. Ndipo iyenera kuikidwa mvula yobzalira ikangogwa, mu Novembala kapena Disembala. Ikaikidwa mu Januwale, chimanga chitachita kale chikasu, nthawi ya wobereketsa imakhala itadutsa ndimeyo isanayankhe.